Ndime ya Tyrus, Dzanja la Ozell

Ku Memphis kuno, mu America, munthu akati "ndikupita kwa Ozell," akunena malo otsukira magalimoto aja ali kuseri kwa njanji, kummwera kwa mzinda, pomwe madzi a sopo amayenderera mpaka mumsewu. Mwini malowo, Ozell Pettigrew, ndi bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wamtali, wowonda, woyenda pang'onopang'ono ngati kulibe kumene akupita. Masana a mwezi wa Julaye, dzuwa likafika pofewetsa phula, mumamupeza pa mpando wa pulasitiki pansi pa denga la malata, maso atatsinzina pang'ono, chala chikugogoda bondo. Amuna asanu ndi mmodzi amene amagwira ntchito pamenepo, onse otuluka kundende, amangokodolana.

"Abwana anyamuka," amatero mmodzi.

"Asiyeni, ali ku situdiyo," amayankha wina, onse n'kufa nalo phwete.

Sanama ayi. Ozell amamva ng'oma paliponse. Paipi ikamapopera pa chitseko cha galimoto, sitima ya katundu ikamadutsa mabogi akugundana, ngakhale madontho ochokera padenga, kwa iye zonsezo ndi nyimbo yodikira mawu. Nthunzi imakwera kuchoka pa phula lotentha, kautawaleza n'kuima pakati pa magalimoto, iye n'kumangoyang'ana mpaka mawu ayambe kubwera okha, awiriawiri, ofanana mathero. Akafika pamlomo amawameza. Papita zaka zoposa makumi awiri Ozell asanalembe mzere ndi umodzi womwe.

Mzinda umamudziwa m'njira zitatu. Achikulire amakumbukira kuti anali woimba rapu wa nthawi ya makaseti. Amayi a m'makomo amadziwa mawu ake a pa wailesi Loweruka masana. A nyuzipepala ankamutcha womenyera ufulu wa akaidi, ndipo ankakonda kumujambula atavala jekete. Zonsezo n'zoona, sindikutsutsa. Koma panali chimene mzinda sunkadziwa. Msuweni wake, Tyrus Boykin, anali m'ndende, atagamulidwa kukhalamo moyo wake wonse, chifukwa cha nyimbo imene sanalembe. Analemba ndi Ozell. Ankadziwa zimenezi ndi awiriwo basi, ndipo Tyrus sakanatuluka pokhapokha mmodzi wa iwo atatsegula pakamwa.

Awiriwa anakulira pa khonde limodzi. A Vernita, mayi ake a Tyrus, ndi azakhali ake a Ozell, ndipo ndi amene anamulera Ozell bambo ake atamwalira. Masiku amenewo, m'ma 1990, nyimbo za mzinda uno sizinkadikira kampani. Munthu unkajambula m'chipinda chogona, matiresi utaimika pazenera kuti agalu a aneba asalowe nawo m'nyimbo, n'kukopera makaseti makumi asanu, n'kukawagulitsa mu buti ya galimoto panja pa kometera tsitsi. Kaseti yabwino inkazungulira mzinda wonse pa sabata imodzi. Unkangoimva ikudutsa m'magalimoto, magalasi a m'nyumba akunjenjemera.

Ozell anali ndi cholembera, Tyrus anali ndi khosi. Ozell akaimba, anthu ankagwedeza mutu mwaulemu. Tyrus akatsegula pakamwa, abale inu, ngakhale amayi a kwaya ankaiwala kuti amadana ndi nyimbo zoterezi. Koma tamupatsani pepala Tyrus! Ankatafuna cholembera mpaka inki m'kamwa, pepala lili mbee.

Ndiye oimba rapu ali ndi lamulo lawo, losalembedwa paliponse koma lolimba kuposa a boma. Zimene ukuimba uyenera kulemba wekha. Woimba za uzimu angatenge nyimbo ya munthu wina, palibe amafunsa. Koma wa rapu akadziwika kuti anachita kulemberedwa, wathera pomwepo. Anzake samupatsanso maikolofoni, atsikana amabisa chiseko akamadutsa, dzina lake limasanduka nthabwala ya kometera. Wolembera mnzakeyo nayenso saulula, amapita nazo kumanda.

Tsiku lina masana, akumwa tiyi wozizira pa khonde la a Vernita, Ozell anatulutsa kope lake lakale la sayansi. Kumapeto kwa kopelo kunali ndime imene analemba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, m'kalasi, mvula ikuwomba mawindo, asanagwirepo mfuti chibadwire. Inali ya munthu wongopeka, wodikira mdani wake kuseri kwa malo omwetsera mafuta.

Mvula ikugwa, ine ndaima kuseri,
galimoto yobiriwira yafika mochedwa,
sindinabwere kudzacheza, m'bale,
ukandiona dziwa kuti kwatha.

Aphunzitsi anamugwira akulemba zimenezi m'malo mojambula mtima wa chule. Analemba pansi pake ndi inki yofiira kuti, "Mutu wabwino, ntchito yolakwika," n'kusainira, n'kuika ndi deti lomwe la mu 1995.

"Ndipatse imeneyo," anatero Tyrus atamva.

"Kalembe yako, mbuzi iwe."

"Iwe ukaimba imeneyi anthu ayesa ukulengeza za nyengo. Ndipatse, aise. Adziwe ndani?"

Ozell anaseka, n'kumupatsa. Anaijambula mu Okutobala 1998, ndipo pa chikuto cha kaseti analembapo kuti mawu onse a Tyrus ndi a Tyrus yemwe.

Tsoka lake, mwezi umodzi asanajambule, munthu wina anali ataphedwa ndi mfuti kuseri kwa malo omwetsera mafuta, ali m'galimoto yobiriwira, mvula ikugwa. Magalimoto obiriwira mu Memphis analipo angati? Mvula imagwa kangati? Koma apolisi anali ndi mtembo wopanda wolakwa, ndipo mzinda wonse unali kuimba nyimbo ya Tyrus. Anapeza mboni imodzi, munthu woti nayenso anali ndi mlandu wake, yonena kuti inaona wina wofanana ndi Tyrus akuthawa. Zotsalazo inamaliza ndi nyimbo.

Khoti lija Ozell amalikumbukira ngati maloto a munthu wodwala malungo. Fani inkazungulira padenga osabweretsa mphepo. Woimira boma, bambo wa tayi yabuluu, anawerenga ndime ija pang'onopang'ono, popanda ng'oma, monga amawerengera kalata.

"Uku si kuimba," anauza anthu khumi ndi awiri ogamula mlandu aja. "Uku n'kuvomera mlandu." Kenaka anatembenukira kwa Tyrus. "Mawu awa analemba ndani?"

Tyrus anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Kumbuyo kwa khoti kunali kutadzaza anzake a m'dera, onse ogula makaseti aja. Anayang'ana kumeneko, n'kubwezera maso pa benchi yachitatu pomwe panakhala Ozell ndi a Vernita. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Ndimalemba ndekha," anatero. "Palibe amandilembera ine."

Kumbuyo kuja wina anakuwa monyadira kuti "Eya!" mpaka woweruza anamenya tebulo. Ozell anangoti phee, manja ali pakati pa maondo. Anadziuza kuti akusunga ulemu wa msuweni wake. Anadziuza zimenezi tsiku limenelo, mawa lake, chaka chotsatira, mpaka anayamba kukhulupirira.

Nyimbo zinamuthera pomwepo. Anayesa kuzungulira m'maholo ndi zakale zija chaka chimodzi kapena ziwiri, koma ikafika ndime ya Tyrus anthu ankaimba okha, iye atangoima ndi maikolofoni m'manja. Kenaka kawailesi kena ka m'dera, ka zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya mipando, kanamuitana kuti akakambe za mlandu wa msuweni wake kwa mphindi khumi. Anakamba ola lathunthu, mafoni akungolira. Mawu ake aja osatha kuopseza munthu anapezeka kuti amatha kutonthoza. Anamupatsa Loweruka masana, kuyambira 2 koloko mpaka 4, ndipo ndi ake mpaka lero.

Pulogalamu yake njosavuta. Abale a akaidi amaimba foni n'kupereka moni, akaidiwo akumvera pa timawailesi tawo toonekera m'kati, poti kundende salola chinthu choti munthu angabisemo kanthu.

"Ozell, mwana wanga, umuuze Demarcus kuti mwana wake wamera mano awiri, ndipo akuluma ngati bambo ake."

"Akumva yekha, mayi. Lankhulani naye."

"Demarcus! Wamva? Ndipo uzidzola mafuta iwe, pa chithunzi chija unali mbuu!"

Akamalankhula choncho Ozell amatsinzina, mahedifoni ali kumutu. Amaona mawuwo akutuluka pa kazenera, akukwera pamwamba pa madenga, akuwoloka minda ya thonje ndi timitsinje ta madzi ofiira, akudutsa pakati pa waya waminga osakandika, n'kukatera m'khutu la munthu wogona chagada pa bedi lachitsulo. Nthawi zina amaiwala kuti pali wina akudikira pa foni, mpaka wa makina agogode galasi.

Malo otsukira magalimoto anabadwira pa wailesi pomwepo. Omvera ake akatuluka ankabwera kudzamufunsa ntchito, poti kwina konse akangoona pa fomu kuti unamangidwapo, foni yako siiliranso. Anayamba ndi ndowa ziwiri ndi paipi imodzi pa bwalo la tchalitchi. Kenaka anthu a mabungwe anayamba kumutenga kupita ku Nashville, likulu la chigawo chino, kukapempha aphungu kuti nyimbo isamakhale umboni m'khoti. Kumeneko amakupatsa mphindi zitatu, nyali yofiira ikayaka amakudula pakati pa mawu. Akatswiri a zamalamulo ankadulidwa asanafike pamfundo. Ozell, wozolowera kukwanitsa nkhani yonse m'mizere khumi ndi isanu ndi umodzi, ankamaliza nyali isanayake, anthu akupukuta misozi. Za Tyrus ankanena zonse, kupatula chinthu chimodzi.

Kanayi pachaka ankayendetsa galimoto maola atatu kupita kundende. Ndipo kamodzi pachaka, pa ulendo wa mu Disembala, ankatsitsa mawu n'kufunsa.

"Msuweni, bwanji ndinene?"

"Unene chiyani? Tseka pakamwa pakopo. Kandigulire tchipisi uko."

Ozell ankapita pa makina ogulitsa zakudya a pakona, n'kubwera ndi tchipisi. Pobwerera kunyumba ankatsegula mawindo onse ngakhale kuzizire, mtima uli myaa. Inde, ndati myaa. Ankati iye wayesetsa, mwini wake wakana, atani nanga?

Zinayenda choncho zaka makumi awiri ndi zinayi, mpaka mu Epulo wina pamene galimoto yaing'ono yafumbi inalowa pa malo ake. Anatsikamo mayi wamfupi wa tsitsi la imvi, n'kunena kuti ndi loya, dzina lake Whitlock, wa bungwe lofufuzanso milandu yakale. Mboni ija, isanamwalire, inali italemba kalata yovomera kuti inanama. Woweruza anali atalola kumvanso nkhaniyi mu Seputembala.

"Koma ndikuuzeni zoona, bambo Pettigrew," anatero mayiyo akuonerera galimoto yake ikupakidwa sopo. "Mboni yosintha mawu makhoti saikhulupirira kwenikweni. Chimene chagwira msuweni wanu pakhosi ndi nyimbo ija. Pakanakhala chosonyeza kuti mawu aja analembedwa munthu uja asanaphedwe, ndikanamutulutsa. Ndipo mwayi wake ndi uno wokha, sadzatipatsanso wina. Tyrus akuti analemba pa kapepala kamene kanatayika. Inu simukudziwapo kanthu?"

Ozell anayang'ana thovu likutsetsereka pa galasi la galimotoyo.

"Ndiganizira, mayi," anatero.

Kope lija linali m'bokosi la nsapato pamwamba pa kabati. Ozell anasamuka nyumba kanayi, anataya mipando, zithunzi, ngakhale makaseti ake omwe, koma kopelo silinasowepo.

Ananyamuka kupita kundende Lamulungu lomwelo m'mamawa. Minda inali itangolimidwa kumene, nthaka yakuda ikufuka nthunzi, mbalame zoyera zikutsata thalakitala kutali uko. Msewu unali wowongoka moti munthu ungayendetse ukulota, ndipo Ozell analotadi. Anaona khonde la azakhali ake, tiyi wozizira akutuluka thukuta m'matambula, anyamata awiri akulimbirana kope. M'malotomo iye ankakana. Ankati kalembe yako, n'kutseka kopelo, n'kulikhalira. Anadzidzimuka ataona nsanja ya alonda patsogolo pake.

Tyrus analowa m'chipinda chochezera atavala magalasi, ndevu zili ndi imvi, thupi litakula, koma khosi lili lomwe lija.

"Ndiye wabwera mu Epulo? Disembala wafulumira chaka chino?"

"Loya uja wandipeza."

"Ndikudziwa."

"Kope lija ndili nalo, msuweni. Deti lilipo, dzanja la aphunzitsi lilipo." Ozell anatsitsa mawu monga mwa nthawi zonse. "Bwanji ndinene?"

Tyrus anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. Za tchipisi sanatchule.

"Ozell, ukamandifunsa choncho umafuna ndiyankhe chiyani?"

"Ndimafuna chilolezo chako."

"Bodza. Umafuna ndikane."

Pa tebulo loyandikana nalo mayi wina ankaluka tsitsi la mwana wake wamkazi kuti bambo ake aone. Ozell anayang'ana zala za mayiyo, poti kumaso kwa msuweni wake sakanatha kuyang'anako.

"Tamvera," anatero Tyrus. "Muno achinyamata amandibweretsera ndime zawo kuti ndiwakonzere. Amanditcha mphunzitsi. Ndinachita kuphunzira kulemba muno muno chifukwa cha manyazi, aliyense akuti tilembere ina ngati ija. Makope ndadzaza makumi atatu, ndipo zina n'zabwino kuposa zako zija, usaseke. Ndiye ine, ndi pakamwa panga pano, ndinene kuti nyimbo imene inandimangitsa ndinachita kulemberedwa? Sindingathe. Lero sindingathe, pa khoti paja sindikanatha, anzanga onse aja ali kumbuyo. Iwe ukudziwa kuti sindingathe. N'chifukwa chake umafunsa ine."

"Ndimasunga ulemu wako, aise."

"Ulemu!" Mlonda anatembenuka, Tyrus n'kutsitsa mawu. "Tsiku lija ndinakuyang'ana, ukukumbuka? Benchi yachitatu. Umayesa ndinkasirira tayi yako? Ndinkadikira uimirire. Ndinkati msuweni wanga aimirira, anena yekha, ine ndimutukwana pamaso pa anthu, ndikanitsitsa, ndimuda chaka chimodzi, koma ndikagona kwa amayi. Iwe phee. Unkaopa kuti akandisiya ine agwira iwe."

Zinali zoona. Tsiku lija, woimira boma akuwerenga ndime ija, Ozell anali ataona m'maganizo unyolo uli m'manja mwake, ndipo sanaimirire. Lamulo la oimba rapu analikumbukira pambuyo pake, panjira yopita kunyumba, n'kulifunda. Anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire.

"Ndiye ndichite chiyani?" anafunsa.

"Wayambanso! Usandifunse, munthu iwe. Ukandifunsa ndikana. Mawa ndikana, mkuja ndikana, mpaka ndidzafere muno ndikukana."

Anavala magalasi ake, anaimirira, n'kukodola mlonda nthawi yocheza isanathe. Ozell anatsala yekha pa tebulo, ndipo pobwerera sanatsegule windo ndi limodzi lomwe.

Lachiwiri lake anakwera pa mpando, anatsitsa bokosi la nsapato, n'kukalisiya pa desiki ya mayi Whitlock. Mayiyo anatsegula kopelo, anadutsa masamba a sayansi, anafika pa inki yofiira, n'kuwerenga deti lija. Sanamukalipire, koma sanamuthokozenso. Anangomuuza kuti akatswiri adzayesa pepala ndi inki, kuti afufuza ngati aphunzitsi aja ali moyo, ndiponso kuti Ozell adzayenera kuima yekha m'khoti n'kunena ndi pakamwa pake.

Chilimwe chimenecho Ozell anachikhala ngati munthu woyenda m'madzi. Ankafika ku ntchito, ankalankhula pa wailesi, ankapatsa anthu moni, koma zonse zinkamveka patali. Ankadziwa kuti dzina lake lonse, la pa wailesi, la ku Nashville, la m'nyuzipepala, analimanga pa mlandu wa munthu amene akanatha kumupulumutsa ndi mawu awiri. Katatu anapita kwa a Vernita kuti awauze. Katatu anabwerako atangodya mlamba wokazinga ndi buledi wa chimanga, azakhali akumudandaula kuti akuwonda.

Mu Seputembala khoti linadzaza. Aphunzitsi aja anapezeka, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, ndipo anazindikira dzanja lawo asanavale n'komwe magalasi. Kenaka anaitana Ozell. Tyrus anakhala kutsogolo mu yunifolomu ya kundende, akuyang'ana tebulo. A Vernita anali pambuyo pake ndi chipewa chawo cha kutchalitchi, ndipo Ozell akudutsa anamumwetulira, akuyesa kuti akukanena zimene amanena ku Nashville zija.

"Bambo Pettigrew," anatero mayi Whitlock atakweza kopelo, "mawu awa analemba ndani?"

"Ndinalemba ndine."

"Akunama ameneyo!" Tyrus anali ataimirira, khosi lija likugwedeza khoti lonse. "Ndimalemba ndekha ine! Palibe amandilembera!"

Woweruza anamenya tebulo, alonda anasendera, mayi Whitlock n'kumukoka malaya kuti akhale pansi. Anakhala. Misozi inali ikutsika m'ndevu zake, ndipo sanaipukute.

Woimira boma wa tsopano, mayi wachitsikana woti mlanduwu ukuweruzidwa koyamba anali kusukulu ya mkaka, anaimirira modekha.

"Zaka zonsezi munali kuti, bambo Pettigrew? Pa wailesi?"

"Inde."

"Ku Nashville?"

"Inde."

"Mukulankhula za msuweni wanu?"

"Inde, mayi."

"Kopeli lili m'nyumba mwanu. Bwanji simunanene?"

Ozell anali ndi mayankho ambiri okongola, ofanana mathero, oti akanaliritsa khoti lonse. Anawameza onse.

"Ndinkaopa," anatero.

Anawapeza a Vernita panja, pa benchi ya m'khonde la khoti, chipewa chili pamiyendo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, ndipo tsiku limenelo zinkaoneka zonse.

"Azakhali..."

"Kope limenelo ndinakugulira ndine," anatero osakweza mawu. "Ndikulikumbukira. Unkafuna la chikuto chofiira, ine ndinapeza labuluu, unanyanyala tsiku lonse. Zaka makumi awiri ndi zinayi, Ozell, wakhala ukudya pa tebulo langa, pa mpando wa mwana wanga. Ndimakupakulira ndikulira, iwe n'kumandipatsa kampango kopukutira misozi. Unali nalo nthawi yonseyi?"

"Ndinali nalo, azakhali."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anavala chipewa chawo, n'kugwira ndodo.

"Zikomo potulutsa. Tsiku lotuluka mwana wanga usabwere."

Nkhani inatuluka m'nyuzipepala mawa lake, ndi chithunzi chake cha jekete chija. A ku Nashville sanamuitanenso. Loweruka ena ankaimba foni kudzamutukwana, ndipo iye ankawasiya amalize, poti ankanena zoona. Ena ankangopereka moni wawo monga kale, chifukwa wailesi ina yofika kundende kulibe. Mu Novembala woweruza anafafaniza chigamulo chakale, ndipo boma linati silizenganso mlanduwo.

Tyrus anatuluka Lachinayi lina la mu Disembala, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ozell anamvera azakhali ake theka. Sanafike pageti, koma anaimika galimoto kutsidya kwa msewu, m'mphepete mwa munda wa thonje wokololedwa kale, pomwe timathonje totsalira tinkauluka ndi mphepo n'kumakodwa pa waya. Kunali chifunga chopyapyala, ndipo ndende yonse inkaoneka ngati ikuyandama.

Geti linatseguka. Anatuluka bambo wa imvi atanyamula katoni yolemera ya makope ake pachifuwa, akuyenda mosamala monga munthu amene sanapondepo udzu zaka zambiri. A Vernita anasiya ndodo yawo igwe. Tyrus anatsitsa katoni, n'kugwada kuti amayi ake amufikire kumutu. Anakhala choncho nthawi yaitali, mayi Whitlock ataima pambali akuyang'ana kumwamba. Ozell anasangalala mpaka chifuwa kupweteka, ndipo panalibe womuuza.

Asanakwere galimoto ya loyayo, Tyrus anatembenuka n'kuyang'ana kutsidya kwa msewu. Sanakweze dzanja, sanamwetulire. Anangotukula chibwano kamodzi, pang'ono chabe, n'kulowa.

Ozell anawatsata maola atatu onsewo, atasiya mpata wa magalimoto awiri. Pa galasi lakumbuyo la galimoto yawo ankaona mitu iwiri, chipewa chitatsamira pa phewa. Pa mlatho wina Tyrus anatulutsa mkono pawindo n'kuusiya mphepo iziukankha. Analowa mu Memphis dzuwa litapendeka. Atafika pa msewu wa kwa a Vernita, pomwe anthu anali atamanga mabaluni pa mipanda ndipo utsi wa nthiti zowotcha unkaoneka patali, galimoto yaing'ono ija inayatsa nyali yokhotera kumanzere. Ozell anapitirira molunjika, n'kukaima pa maloboti akulira ngati mwana, mpaka wa kumbuyo anamulizira hutala.